Mwendo wa Amake Daliso

"Ku kiliniki simupitako, amake Daliso. Ndanena, ndatha!"

Ferdinand anamenya tebulo ndi chikhatho mpaka makapu anavina. Mkazi wake Fines sanatukule ngakhale mutu. Anapitiriza kupinda zitenje zamalonda n'kumaziunjika pampando.

"Mwatha ndinu," anatero Fines. "Ine sindinathe. Ana asanu ndi mmodzi m'nyumba muno, atate a Daliso. Pobadwa womaliza uja munamva nokha zimene ananena anesi, kuti magazi anga akuthamanga kwambiri ndipo mimba ina ikhoza kunditenga. Kapena tsiku lija makutu munawasiya kufakitale?"

"Musanditchulire fakitale!"

"Nanga nditchule chiyani? Fakitale inakutulutsani pamodzi ndi anzanu. Nshima ya m'nyumba muno ikuchokera m'zitenje izi ndi mumpunga wa ku Nakonde. Ndikatenga mimba, basi ya ku Nakonde mudzakwera ndinu?"

Emelia, mlongo wake wamng'ono wa Ferdinand, anali atangofika kuchokera kumsika, beseni la nsomba zouma likadali pamutu. Atamva mawu okwera anafuna kubwerera pakhomo pomwepo, koma Ferdinand anali atamuona kale.

"Iwe Emelia, lowa umve mulamu wako. Akuti afuna mapiritsi olera. Manje tandiuza iwe. Mkazi wokwera basi ya ku Nakonde ndi mapiritsi m'chikwama, akukachita nawo chiyani? Kodi mpunga umapatsa mimba? Ine ndimatsala kuno ku Nangongwe. Ndiye kumalire uko akuopa mimba ya ndani, ngati si ya madalaivala a mathiraki?"

"Ndikuopa yanu, bambo," anatero Fines. "Dalaivala amene ndimamuopa ine ali pano, alibe ngakhale njinga."

Emelia anafuna kuseka, koma anameza.

"Wamva pakamwa pamenepo?" anatero Ferdinand. "Kale ndikugwira ntchito ankandiyankha chonchi? Anzanga pa nsolo akundiseka kale kuti wokwatiwa ndine. Ndiwonjezerenso kuti mkazi wanga wakhala pamzere wa mapiritsi? Pagona tonde pazinunkha. Nyumba ino ikadali yanga."

Emelia ankamwa mapiritsi omwewo. Mwamuna wake Aaron, wa ku njanji, ndiye anamuperekeza ku kiliniki mwana wachitatu atasiya kuyamwa. Akanatha kunena zimenezo. Koma Ferdinand ndiye anamulera bambo awo atamwalira, ndipo lilime linamulemera.

"Awe, ba Fedi, pa za m'nyumba mwanu ine ndine mwana," anatero. "Ingokambiranani bwino."

Mawu otere sakwiyitsa munthu, komanso sapulumutsa munthu. Ferdinand anatenga chipewa n'kutuluka, akung'ung'udza.

Akazi awiriwo anapita kumpopi kuseri kwa nyumba. Fines anatsegula madzi mwamphamvu kuti oyandikana nawo asamve.

"Mulamu, ndithandizeni. Inu mumamwa, ndikudziwa."

"Pitani ku kiliniki mwakachetechete, ba mulamu. Adzadziwa bwanji?"

"Mwakachetechete kuti? Mzere wa akazi olera umakhala pakhonde loyang'ana kumsewu. Tsidya la msewu ndi pamtengo paja pamene alongo anu ndi anzawo ochotsedwa ntchito amaswera pa nsolo. Amuna amene aja alibe chochita, ntchito yawo n'kuwerenga miyendo ya olowa ndi otuluka. Ndisanafike kunyumba nkhani idzakhala itafika kale."

Emelia anadziwa kuti n'zoona. Mmawa mwake anatenga kapaketi kake kotha n'kupita nako pa kantemba kena kuseri kwa msika. Masiku amenewo malonda anali atamasulidwa, chilichonse chinkagulitsidwa ndi aliyense. Pa kantemba kameneko panali parafini, maswiti, mabatire, zovala za salaula pang'ono, ndiponso mankhwala m'chitini cha mabisiketi. Mwini wake anayang'ana kapaketi kaja, anafufuza m'chitini, n'kutulutsa kena kofanana nako. Sanafunse kuti womwa ndani.

Pobwerera Emelia anakumbukira tsiku limene iye anayamba. Nesi anamumanga lamba pamkono n'kupopa, anamukweza pa sikelo, ndipo anamufunsa mafunso mpaka Emelia anatopa. Kodi mutu umakupweteka mpaka kuona nyenyezi? Kodi umasuta? Kodi ukuyamwitsa? Kodi mwendo unatupapo, iwe kapena mayi ako, kapena m'bale wako? Emelia anawakumbukira mafunsowo, koma anawakankhira pambali. Anaganiza kuti anesi amangokonda kufunsa kuti aoneke ophunzira. Mapiritsi ndi mapiritsi. Ngati iye akumwa ali bwino, mulamu wake angalephere bwanji?

Emelia anamuphunzitsa Fines zimene anaona kuti n'zofunika. Limodzi tsiku lililonse, nthawi yomweyomweyo, kutsata mivi ya pakapaketi. Ukaiwala, umwe pomwe wakumbukirapo. Fines anakabisa m'chitini cha ulusi ndi singano, kumene mwamuna sagwirako.

"Mulungu akudalitseni, mulamu. Koma pakamwa."

"Pakamwa ndatseka."

Panapita masabata angapo zonse zili bwino. Fines anali mkazi wathupi, wazaka zoyandikira makumi anayi, wa liwu lomveka kuchokera ku siteshoni mpaka kumsika. Masiku amenewo ankaseka kuposa kale, ndipo Emelia ankadziyamikira mumtima. Kenaka zitenje zinatha, mpunga unatha, Fines anakwera basi ya ku Nakonde.

Atabwerako, Emelia anapita kukamulonjera. Anamupeza atakhala pamkeka pakhonde, mwendo wamanzere atautambasula, nkhope itachita tsinya.

"Mwayenda shani, ba mulamu?"

"Katundu wafika, koma mwendo uwu wandikana. Basi ija inadzaza ngati thumba la makala. Matumba a mpunga anawaunjika pamapazi pathu, zitenje ndinazisanjika pamaondo. Usana wonse ndi usiku wonse sindinautambasule mwendo ngakhale kamodzi."

"Simunatsike pamene basi inkaima?"

"Kutsika? Ukatsika umapeza mpando watengedwa, katundu wachepa. Ngakhale madzi sindinamwe, kuopa kuti angandivutitse panjira."

Emelia anagwada n'kukweza chitenje. Katumba ka mwendo wamanzere kanali katatupa, khungu likunyezimira. Wamanja unali bwinobwino. Ataugwira anamva kutentha ngati mbale yochokera padzuwa, ndipo Fines anakuwa.

Pomwepo mawu a nesi uja anabwerera m'mutu mwa Emelia onse athunthu. Mwendo umodzi ukatupa, n'kumatentha ndi kupweteka, usadikire mawa. Usautikite. Siya mapiritsi, thamangira kuno, unene zimene ukumwa.

"Ba mulamu," ananong'ona, "zoterezi zinakuchitikiranipo kale?"

"Ine iyayi. Koma amayi anga malemu unawatupa chonchi atangobereka chitsiriziro wathu. Patapita masiku mpweya unangowathera ali pamtondo. Kumudzi anati anaponda mankhwala."

Emelia anatsitsa chitenje chija pang'onopang'ono. Funso limenelo ndi lomwe anayenera kufunsa tsiku lija kumpopi.

"Tiyeni ku kiliniki lero lomwe. Mukawauze za mapiritsi."

Fines anamugwira dzanja mwamphamvu. "Mwapenga? Ndi mwendo uwu sindingapite ndekha, andiperekeza ndi alongo anu. Nesi akafunsa iwo ali pomwepo, ndiyankha chiyani? Andithamangitsa, mulamu. Adzati zija ankanena za madalaivala n'zoona. Ana anga adzadya chiyani? Munalonjeza."

"Ndiye siyani kumwa."

"Chabwino, ndisiya. Koma pakamwa."

Akadali pomwepo anamva mawu a amuna pageti. Ferdinand analowa ndi ba Lastone, bambo wamfupi wa manja akuluakulu, amene kale ankatikita miyendo ya osewera mpira a timu ya kufakitale. Timu inatha pamodzi ndi ntchito, koma ba Lastone anatsala ndi manja awo ndi botolo la mafuta onunkha, ndipo aliyense wobinya mu Nangongwe ankapita kwa iwo.

"Nayu dokotala," anatero Ferdinand monyadira. "Anthu ankatuluka m'bwalo atawanyamula, Loweruka lotsatira akumwetsa zigoli. Mwendo wa basi ndi chiyani kwa iwo?"

Ba Lastone anakhala pa kampando, anautenga mwendo n'kuudina ndi chala. "Mtsempha wakokana, amama. Magazi agona. Tiwadzutsa."

"Ba Fedi," anatero Emelia, "bwanji tiyambe tapita ku kiliniki?"

"Kiliniki ya masiku ano? Ulipire pakhomo, ukhale tsiku lonse, kenaka akuuze kuti mankhwala kulibe, kagule kumsika. Ba Lastone ali pano."

"Komabe asautikite."

"Chifukwa?"

Ferdinand anamuyang'ana. Ba Lastone anamuyang'ana, mafuta ali kale m'chikhatho. Fines nayenso anamuyang'ana, maso akupempha. Yankho linali pamlomo pa Emelia, mawu ochepa chabe. Anayang'ana pansi.

"Ndangoona kuti watupa kwambiri," anatero.

"Kuyambira liti wogulitsa nsomba kukhala dokotala?" anaseka Ferdinand. "Yambani, ba Lastone."

Ba Lastone anayamba, kuchokera kukakolo kukwera kubondo, ndi mphamvu zonse za munthu wofuna kuthandiza. Fines analuma chitenje, misozi ikutsika. Emelia anamugwira mutu n'kumamupukuta thukuta. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Sananene kuti nthawi zina manyazi amagwira mbewa ina, wofera kudzenje n'kukhala mnzake.

Mawa lake Emelia anakhala pamsika ngati munthu wobwereka. Wogula akafunsa mtengo ankayankha zina. Anaganiza zopita yekha kwa nesi kukafunsa, koma anadziwa kale chimene nesi adzanene: mubweretseni. Anaganiza zouza Aaron, koma Aaron anali ku Livingstone ndi sitima. Madzulo anadutsira kwa mlongo wake n'kupeza ba Lastone atabweranso kale. Fines anati mwendo wapepukako pang'ono. Emelia anafuna kukhulupirira, ndiye anakhulupirira.

Tsiku linalo sanapite kumsika. Mtima unamukana, ndipo dzuwa litakwera analunjika kwa Ferdinand. Anapeza ba Lastone akusamba m'manja, atamaliza kutikita kachitatu. Ferdinand anali pampando pakhonde akumvera wailesi.

"Waona, dokotala wa nsomba?" anatero. "Taimirirani, amake Daliso, aone."

Fines anagwira khoma n'kuimirira. Anayenda pang'onopang'ono kulowera kumpopi. Asanafike anaima, dzanja pachifuwa.

"Mulamu," anatero. "Mpweya."

Anapuma mofulumira ngati wathamanga kuchokera kumtsinje. Anatsokomola, ndipo pachitenje panagwa malovu a magazi. Milomo yake inayamba kuda. Anakhala pansi pamatope a pampopi, maso ali tong'o.

"Madzi!" anakuwa Ferdinand. "Mupatseni madzi! Ba Lastone, mutikiteni pachifuwa!"

"Musamugwire!" Emelia anakuwa, osadziwa kumene liwu limenelo linachokera. "Ba Lastone, thamangani kumsewu muimitse motoka iliyonse! Ba Fedi, ndi magazi oundana, achoka kumwendo akwera kuchifuwa. Ba mulamu akhala akumwa mapiritsi olera. Ndinawagulira ndine."

Ferdinand anatembenuka pang'onopang'ono. "Wati chiyani?"

"Mundimenye madzulo. Manje nyamulani mkazi wanu!"

Ba Lastone anaimitsa kaminibasi kopita ku Lusaka. Kondakitala ataona nkhope ya Fines anatsitsa anthu a kumpando wakumbuyo popanda kukangana. Ku kiliniki anamulandira ndi nesi wamkulu, mayi Jennifer, yemwe uja anamufunsa Emelia mafunso otopetsa. Emelia ananena zonse ali chiimire pakhomo: mapiritsi a pa kantemba, basi ya ku Nakonde, mwendo, kutikita, ndi za amayi ake a Fines. Nesiyo sanataye nthawi ndi kudabwa. Anamukhazika Fines motsamira, anamumanga lamba pamkono, n'kutuma munthu kuti galimoto ya odwala ikonzeke kupita kuchipatala chachikulu ku Lusaka.

Akudikira dalaivala, mayi Jennifer anatulukira pakhonde pamene panali Ferdinand ndi Emelia.

"Ndinu mwamuna wake?"

"Ndine. Ndipo ine ndinakaniza, amama. Ndinadziwa kuti mapiritsi amenewa ngakupha."

"Munakaniza chiyani? Mapiritsi, kapena kubwera kuno?"

Nesiyo sanadikire yankho.

"Mapiritsi alibe mlandu, bambo. Akazi ambiri mu Kafue muno akumwa zaka ndi zaka, ali bwinobwino. Mlongo wanu uyu ndi mmodzi. Koma mtundu umenewu si wa aliyense. N'chifukwa chake timayeza, timafunsa. Mkazi wa msinkhu uwu, wathupi, magazi othamanga chonchi, mayi ake anafa ndi mwendo wotupa, n'kumayendanso maulendo osatambasula miyendo, ameneyu sitimupatsa. Timamupatsa njira ina, zilipo zambiri. Ndipo musaganize kuti mimba ikanamuchitira chifundo. Mimba imaunditsa magazi kuposa mapiritsi."

Kenaka anatembenukira kwa Emelia. Sanakweze mawu.

"Iwe ndinakuuza za mwendo."

"Munandiuza."

"Unauona liti?"

"Dzana."

Mayi Jennifer anangomuyang'ana, n'kubwerera mkati. Emelia akanakonda akanamutukwana.

Fines sanafe. Anagona ku Lusaka masabata angapo, akumubaya majakisoni osungunula magazi, ndipo madokotala anati wadutsa pakhomo pa manda. Anabwerera ku Nangongwe ali munthu wina. Mwendo unatsala wolemera ndi wakuda kukakolo. Kuchokera pakhonde kufika pampopi ankapumira panjira. Liwu lija lomveka ku siteshoni linatsala laling'ono, lodukaduka. Za basi ya ku Nakonde anamuletseratu. Malo ake pamsika anatenga wina, ndipo mwana wake wamkazi wamkulu anasiya sukulu kuti aziphika ndi kugulitsa zitumbuwa pamsewu.

Nkhani inayenda m'komboni mmene nkhani zimayendera, mutu kumbuyo miyendo kutsogolo. Pampopi, kutchalitchi, pamsika, ankati mapiritsi olera apundula amake Daliso. Akazi ena amene ankamwa bwinobwino anataya awo m'chimbudzi. Amuna a pa nsolo anapeza nyimbo yatsopano. Koma chitini cha mabisiketi pa kantemba paja chinali chikadali pomwepo, ndipo amene sakanatha kukhala pamzere wa kukiliniki ankapitabe kumeneko.

Ferdinand sanamuthamangitse mkazi wake. Sanamumenye Emelia, koma sankamulankhulanso. Emelia ankabwerabe masana alionse kudzachapa ndi kusesa, ndipo ankalowa ndi kutuluka ngati mphepo.

Tsiku lina masana anabwera ba Lastone, atanyamula kathumba ka malalanje. Kuyambira tsiku lija anali asanagwirenso mwendo wa munthu. Anakhala kumapeto kwa khonde, chipewa pamaondo.

"Amama, manja anga awa," anatero. "Akanandiuza wina, sindikanayerekeza."

"Inu mulibe mlandu, ba Lastone," anatero Ferdinand, mokweza kuti amve Emelia, amene ankayanika zovala pafupi. "Mlandu uli ndi amene amabweretsa poizoni m'nyumba za anthu. Ine ndinanena. Safunsa anadya phula. Ndinati mapiritsi m'nyumba muno ayi. Akanandimvera, bwenzi lero akuyenda ndi miyendo yonse iwiri."

Emelia anagwira chingwe. Gawo lina la mawuwo linali loona.

Fines anali pamkeka, mwendo atausanjika pamtsamiro. Anakoka mpweya kawiri asanalankhule.

"Atate a Daliso. Zimani wailesiyo."

Ferdinand anazima.

"Ndilankhula pang'onopang'ono, mpweya ndilibe. Musandidule." Anapuma. "Ine ndinafunsa. Ndinafunsa inu. Sindinapemphe mapiritsi a pa kantemba. Ndinapempha kupita ku kiliniki."

"Kukatenga mapiritsi omwewo."

"Mukanandilola, nesi akanandikaniza yekha." Anapumanso. "Munamva nokha. Akanandimanga lamba pamkono. Akanafunsa za amayi. Akanati awa ayi, tenga njira iyi. Chimene munkafuna inu, kuti ndisamwe, akanakuchitirani ndi iye. Ndipo ine bwenzi ndili pamsika."

Fines anakokanso mpweya.

"Munaopa kusekedwa pa nsolo. Ine ndinaopa inu. Mulamu anaopa ife tonse awiri. Tonse tinaopa, koma mwendo ndi wanga ndekha."

Ba Lastone ankazunguza chipewa m'manja. Kumsewu kondakitala ankaitana anthu a ku Lusaka. Ferdinand anakhala nthawi yaitali akuyang'ana kakolo kakuda kaja, kenaka anadzuka, anatenga chidebe chimene chinali pafupi ndi mkazi wake, n'kupita kumpopi. Chikwatirire anali asanatungepo madzi. Anatsegula mpopi n'kuima chofulatira. Chidebe chinadzaza, madzi anasefukira, koma iye sanatembenuke.

Emelia anabwera kudzagwada pamkeka. "Ba mulamu, ndinauona mwendo tsiku loyamba. Ndinadziwa."

"Ndinakutsekani pakamwa ndine."

"Sindinayenere kumvera."

"Inde," anatero Fines. "Simunayenere." Anamugwira dzanja, koma mawuwo sanawabweze.

Patapita kanthawi Fines anati, "Mkazi wa Peter, uja wa pakona, anandifunsa dzulo kuti mapiritsi munawagula pati. Mwamuna wake nayenso safuna kumva za kiliniki."

"Munamuuza?"

"Ndinamuonetsa mwendo. Mawa mupite naye kwa mayi Jennifer. Mudutse pamtengo pa nsolo pomwepo, akuoneni."

Emelia anapita naye. Amuna a pamtengo anakweza mitu n'kuyamba kunong'onezana, ndipo iye anawapatsa moni mmodzimmodzi, mokweza, kenaka anakakhala pakhonde pamzere. Zinali zosavuta, ndipo n'chimene chinamupweteka koposa.

Manje inu amene mwamva nkhaniyi, musangopukusa mutu n'kupitiriza zanu. Ngati ndinu mwamuna, mulekeni mkazi wanu akafike kwa nesi, ndipo ngati miyendo muli nayo muperekezeni. Anzanu adzaseka tsiku limodzi, koma sadzabwera kudzakutungirani madzi. Ngati ndinu mkazi, mapiritsi a mnzanu si mchere woti mubwereke, ngakhale mapaketi afanane. Kayezetseni, muyankhe mafunso onse ngakhale akutopetseni. Ndipo mukadzaona mwendo umodzi watupa n'kumatentha, kapena mpweya ukuthera munthu, musayambe mwaganiza za amene akwiye. Nenani zimene akumwa, mumunyamule. Emelia anasunga chinsinsi masiku owerengeka chabe, ndipo mpaka lero amadutsa pamsika, pamalo pamene pankakhala zitenje za mulamu wake, maso ali pansi. Inu mudzachite bwino kuposa iye.